Masiku anayi ku Hanoi, ndikaone chani nanga za mumsewu ndidye?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe, ndalidulako pang'ono poti linali lalitali. Akuti: "Kuntchito anditumiza ku msonkhano ku Hanoi, dziko la Vietnam, mwezi wa November. Msonkhano ukatha nditsala ndi masiku anayi ndisanakwere ndege yobwerera. Anzanga akundiopseza kuti kumeneko amadya agalu ndiye ndizingodya kuhotela basi, akutinso njinga zamoto zake munthu sungawoloke msewu. M'mimba mwanganso simuchedwa kuvuta. Ndikaone chani, nanga zakudya za mumsewu ndiyese kapena ndisiye?"

Achemwali, mwezi womwe mukupitawo mwachita nawo mwayi. Kutentha kwa June mpaka August kuja, komwe munthu umatuluka thukuta uli chikhalire, kumakhala kutatha, mvula itachepa, ndipo kamphepo konyowa ka January kasanafike. Kajuzi kopepuka kamodzi kakukwanirani. Ine ndinakhala mumzindawu zaka zitatu ndikuphunzitsa, ndipo alendo akwathu amene ndinawayendetsa ndi ambirindithu. Amene anabwerera akunena kuti Hanoi ndi phokoso chabe ndi omwe ankadya kuhotela, kukwera basi ya alendo, kutsika kujambula, kukweranso. Mzinda umenewu moyo wake uli panja, m'mbali mwa msewu. Anthu amaphikira pomwepo, kudyera pomwepo, kumetetsa tsitsi pomwepo galasi atalikhomera pamtengo, kutsukira mbale pomwepo. Mukapanda kukhala nawo pansi pa kampando kapulasitiki kaja ndiye kuti Hanoi simunamuone, mwangomudutsa.

Tiyambe ndi msewu poti ndi umene ukuopsani. Anzanuwo sananame kwenikweni, njinga zamoto zilipo mamiliyoni ndipo zimabwera ngati dzombe. Chinthu choyamba, kumeneko amayendetsa kumanja osati kumanzere ngati kwathu, ndiye mutu wanu uzifuna kuyang'ana mbali yolakwika, dzikumbutseni kuyamba kuyang'ana kumanzere. Chachiwiri ndi chovuta kukhulupirira koma ndi momwe zimayendera: mukadikira kuti msewu uyere mugona pomwepo. Mumatsika mumsewu pang'onopang'ono, n'kumayenda liwiro limodzimodzi, osathamanga, osaima mwadzidzidzi, ndipo chonde chonde osabwerera m'mbuyo. Wanjinga amakuwerengani patali kuti pofika iye mukhala muli pati, n'kukuzembani kumbuyo. Mukadzidzimuka n'kubwerera ndi pamene mumalowa pomwe iye wakonza kudutsa. Izi ndi za njinga zokha, basi kapena galimoto yaikulu musaiyese, ipatseni njira. Tsiku loyamba pezani agogo aakazi amene akuwoloka muyende pambali pawo ngati mdzukulu wawo, ine ndinaphunzira choncho. Hutala imalira tsiku lonse koma si mkwiyo ayi, munthu amangonena kuti ndili pano. Chiyambire 2025 boma linakweza kwambiri chindapusa cha kudumpha maloboti ndiye m'misewu ikuluikulu anthu akuimako, koma m'tinjira ta mkati zikadali momwemo.

Za kufika ndingodutsamo mwachangu. Viza mumafunsira pa intaneti, kuyambira August 2023 anatsegulira mayiko onse, ya kulowa kamodzi ndi madola 25, ndipo muchite pa tsamba la boma lenileni osati la anthu apakati amene amawonjezera mtengo. Bwalo la ndege ndi Noi Bai, lili makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa mzinda. Pomwepo gulani simu, ya Viettel ndi imene imagwira paliponse, ndipo ngati muli ndi abale ku Tete kapena ku Angonia omwe amagwiritsa Movitel dziwani kuti kholo lake ndi Viettel yomweyi. Ikani Grab mufoni, mumaitanira galimoto kapena kabaza wa njinga yamoto mtengo n'kuonekeratu musanakwere, palibe zokangana. Pali basi nambala 86 yopita mkati mwa tauni, yotchipa kwambiri, koma ndi masutikesi komanso kutopa ingokwerani galimoto. Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola 5, ndiye akunyumba auzeni asamaimbe 8 koloko madzulo. Ndalama ndi dong, dola imodzi imapitirira 25,000, mukhala miliyoneya tsiku loyamba lomwelo. Samalani ndi pepala la 500,000 ndi la 20,000, onse ndi obiriwira mwa buluu ndipo usiku amafanana, ambiri alirapo pamenepa. Malo ogona msonkhano ukatha samukirani ku Old Quarter, mbali yakale ya mzindawo, kapena pafupi ndi nyanja ya Hoan Kiem, musakhale kuhotela ya msonkhano ngati ili kutali, ndipo pemphani chipinda chakumbuyo chifukwa cha phokoso.

M'mawa woyamba dzukani 5 koloko, ndikudziwa ndi tchuthi koma dzukani. Pitani ku Hoan Kiem, kanyanja kakang'ono pakati pa mzinda, kuzungulira konse sikufika makilomita awiri. Nthawi imeneyo njinga zisanachuluke mupeza azigogo mazanamazana, ena akusewera tai chi, ena akuvina awiriawiri ndi kawayilesi, ena aima mzere akumenyana pamsana ndi zikhatho, anyamata akumenya da cau komwe ndi kukankha kanthu ka nthenga ndi phazi osakagwetsa. Pafupi pomwepo pali chipilala cha mfumu Ly Thai To amene anasamutsira likulu pamalopa mu 1010 n'kulitcha Thang Long. Dzina la nyanjayo limatanthauza lupanga lobwezedwa. Nkhani yake amati Le Loi, amene anathamangitsa asilikali a ku China a ufumu wa Ming n'kukhala mfumu mu 1428, anabwereka lupanga kwa milungu, nkhondo itatha ali m'bwato panyanjapo fulu wagolide anavuuka n'kulitenga. Mungati ndi nthano chabe, koma afulu akuluakulu analimodi m'nyanjamo, womaliza anafa mu January 2016 ndipo anthu analira ngati kwagwa mfumu. Anamuumitsa, ali mu galasi m'kachisi wa Ngoc Son, mumafikako powoloka kamlatho kofiira ka The Huc. Lowani mumuone, ndi wamkulu moti mudabwa.

Pofika 7 koloko njala ikhala itakugwirani ndiye tafika pa nkhani yeniyeni. Kadzutsa wa Hanoi ndi pho. Ndi msuzi wa mafupa a ng'ombe owiritsidwa usiku wonse ndi anyezi ndi jinja zowotcha, sinamoni ndi tizonunkhira tina, amauthira pa ma noodles a ufa wa mpunga, pamwamba nyama yodulidwa mopyapyala ndi anyezi wamasamba. Pho wa ku Hanoi ndi woyera, alibe zambiri, si ngati wa kumwera ku Ho Chi Minh City amene amabwera ndi mbale yodzadza masamba ndi sosi wotsekemera, ndipo anthu a ku Hanoi amanyadira zimenezi mpaka kunyoza. Patebulo mupeza viniga wa adyo, mandimu ndi tsabola, lawani kaye msuziwo musanathiremo kanthu. Itanitsaninso quay, tokhala ngati mandasi aatali opanda shuga, mumanyika mumsuzi. Poti m'mimba mwanu ndi movuta nenani kuti "chin", ndiye nyama yopsa bwino, chifukwa "tai" ndi yaiwisi imene imangopsa ndi kutentha kwa msuzi. Mbale imodzi ndi pakati pa 40,000 ndi 70,000. Akuluakulu akumeneko amakamba za nthawi ya nkhondo ndi ya makuponi, dziko lisanasinthe kayendetsedwe ka chuma mu 1986, pamene m'malo odyera a boma ankagulitsa pho wopanda nyama, iwo n'kumutcha pho wopanda woyendetsa potengera ndege za America zopanda munthu zija. Ndiye mukaona agogo akumwa msuzi mpaka dontho lomaliza dziwani komwe achokera.

Za agalu. Kutsutsa galu n'kukumba, ndiye tiyeni tikumbe. Inde alipo amene amadya, makamaka azibambo achikulire akamamwa, koma imagulitsidwa m'malo ake okha, ndi yodula kuposa nkhumba, ndipo achinyamata ambiri saifuna n'komwe, amaweta tiagalu tovekedwa majuzi. Palibe amene angakuikireni mwakabisira nyama yodula m'mbale yotchipa, aluza bwanji. Chikwangwani chikalembedwa thịt chó kapena cầy dutsani, basi nkhani yatha. Mawu ofunika kuwadziwa ndi ochepa: bò ndi ng'ombe, gà nkhuku, lợn kapena heo nkhumba, cá nsomba, cơm mpunga, chay zopanda nyama. Timizere ndi timadontho ta pamwamba ndi pansi pa zilembo timasinthiratu tanthauzo. Chó ndi galu koma chợ ndi msika. Mlendo wanga wina anasangalala kuti pakona iliyonse pali chikwangwani cha pho, kumeneko kunali Phố komwe ndi msewu, msuzi uja amalemba Phở.

Kusankha podyera ndi apa. Malo abwino ku Hanoi amaphika chinthu chimodzi chokha, mayi yemweyo mphika womwewo zaka makumi, dzina la chakudya ndi lomwe lili pachikwangwani, chikatha amatseka n'kupita kwawo. Muziyang'ana pamene padzadza eni dziko, njinga zapakidwa mbwee, pansi pali timapepala topukutira ndi timitengo tambirimbiri. Zinyalala zapansizo zisakunyanseni, kumeneko amataya pansi n'kusesa pambuyo pake, ndiye kuchuluka kwake kukuuzani kuti padya anthu ambiri ndipo chakudya sichikugona. Pamene pali menyu ya masamba khumi, zithunzi, pizza ndi pho malo amodzi, mnyamata akukuitanani m'Chingerezi pakhomo, pamenepo ndi pomwe mungadwale komanso kulipira kawiri. Idyani nthawi imene iwo akudya, osapita 3 koloko masana kukadya zotsala. Chotuluka mumphika wowira kapena pa makala mukuona ndi maso chilibe vuto. Masiku awiri oyamba masamba aawisi asiyeni, kapena avikeni mumsuzi wotentha. Madzi a pampopi osamwa, gulani a m'botolo. Ayisi wamabowo pakati ndi wa kufakitale, ine ndinkamwa popanda vuto, koma wophwanyidwa kuchokera ku chimwala chachikulu mupeweni. Timitengo todyera ndi supuni pukutani ndi pepala ndi kandimu, eni ake amateronso ndiye palibe akuoneni ngati wamatama. Mutenge Thanzi ORS mchikwama. Pa zaka zitatu ine ndinatsegula m'mimba kawiri, ndipo kamodzi kanali ka bufe ya pahotela ina yapamwamba komwe chakudya chinakhala pa tebulo kuyambira m'mawa.

Mukadya lowani m'misewu ya Old Quarter musochere dala, mapu ali mufoni akubwezani. Amati misewu 36 ngakhale ilipo yoposa pamenepo, ndipo mayina ambiri amayamba ndi Hang, kutanthauza katundu, chifukwa kale msewu uliwonse unali wa amisiri a ntchito imodzi ochokera mudzi umodzi. Hang Bac ndi wa siliva ndipo mpaka lero ndi wa ndolo ndi mphete, Hang Gai wa nsalu za silika, ku Hang Thiec mumva kugogoda kwa osula malata musanafike n'komwe, Lan Ong mumununkhiza ndi mankhwala azitsamba. Womwe ndimaukonda ine ndi Hang Ma, wofiira psuu, amagulitsa zinthu zapepala zowotchera makolo omwalira, ndalama zapepala, nyumba, malaya, foni, ngakhale galimoto yapepala. Pa tsiku la 1 ndi la 15 la mwezi wawo wotsatira kuoneka kwa mwezi muona azimayi akuwotcha zimenezi m'kachitini pakhomo, musajambule pafupi ngati zisudzo, ndi mwambo wa pabanja. Nyumba zake muona ndi zopapatiza, kutsogolo mamita awiri kapena atatu koma kulowa mkati kutalika ngati njira, amati kale msonkho unkatengera kukula kwa kutsogolo. Kumpoto kwake kuli msika wa Dong Xuan womwe Afalansa, amene anali atsamunda a dzikolo, anamanga mu 1889, unapsa mu 1994 n'kumangidwanso. Mkati ndi mwa ogula zambiri, zovala ndi zapulasitiki, simuli chodabwitsa, koma tinjira ta m'mbali mwake muli zakudya zotchipa zabwino zedi.

Nkhomaliro ndi bun cha, ndipo iyi simufunika kuifunsa, mphuno ikutsogolerani. Kuyambira cha m'ma 11 utsi wa nkhumba yowotcha umadzadza msewu, mayi atakhala pansi akupepeza mbaula ndi kafani. Amakupatsani mbale ya msuzi wofunda wotsekemera mowawasira muli kanyenya wa nkhumba ndi timabumbu ta nyama yogaya, pambali mbale ya ma noodles ozizira ndi dengu la masamba, inu mumatapa pang'onopang'ono kunyika n'kudya. Onjezerani nem, tokulunga tokazinga tokhala ngati samusa wautali. Mu May 2016 Barack Obama ali pulezidenti anakhala pa kampando kapulasitiki ndi Anthony Bourdain, katswiri wa zophikaphika wa pa TV, pa malo odyera a Bun Cha Huong Lien, bilu yonse madola 6, ndipo tebulo lomwe anadyerapo analitsekera mu galasi. Pitani ngati mukufuna chithunzi, chakudya chake ndi chabwinobwino, koma ine bun cha wokoma kwambiri ndinamudya m'kanjira kopanda dzina komwe mawondo anga ankafika pachibwano. Msuzi umenewo maziko ake ndi nuoc mam, madzi otuluka mu tinsomba ta m'nyanja yamchere tokhala ngati usipa tikasungidwa mumchere miyezi yambiri. Fungo lake m'botolo ndi loopsa, mu chakudya ndi limene limakometsa chilichonse. Ngati simudya nkhumba nenani msanga chifukwa imalowa mu zambiri, khalani pa pho wa nkhuku kapena wa ng'ombe, pa nsomba, kapena malo olembedwa chay. Mzikiti ulipo pa msewu wa Hang Luoc ndipo chapafupi pamapezeka zakudya za halaal. Tsiku limene mwasowa nsima, ndipo lifika, funani com binh dan, mpunga ndi ndiwo zambiri zoyalidwa inu n'kumangoloza ndi chala.

Khofi musamusiye ngakhale muli wa tiyi. Vietnam ndi yachiwiri padziko lonse pa kulima khofi, kutsogolo kuli Brazil yokha, ndipo wambiri ndi robusta, wowawa ndi wamphamvu moti kapu imodzi masana ikhoza kukugonetsani 2 koloko usiku. Amamudonthezera mu kasefa kachitsulo kotchedwa phin pamwamba pa mkaka wa kondensi. Ku Hanoi wa mkaka amati nau, wa ayisi nau da. Ndiye pali ca phe trung, khofi wa dzira, musachite tsinya. Anayambitsa ndi Nguyen Van Giang mu 1946, ankagwira ntchito pa bala ya hotela ya Metropole, mkaka utasowa iye anapuntha kachikasu ka dzira ndi shuga mpaka kuchita thovu. Banja lake likugulitsabe pa Cafe Giang, msewu wa Nguyen Huu Huan, polowera ndi kanjira kopapatiza mungakadutse osakaona. Kapu imabwera itakhazikidwa m'kambale ka madzi otentha kuti isazizire, mumayamba ndi supuni ngati kasitadi kenako n'kufika pa khofi wakuda pansi.

Malo oti muone tsopano. Tsiku limodzi lipatseni mbali ya Ba Dinh, ndipo mulawirire. Pa bwalo lalikulu la kumeneko ndi pomwe Ho Chi Minh, mtsogoleri wa omenyera ufulu wa dzikolo, anawerenga chikalata cha ufulu pa 2 September 1945, anamwalira tsiku ngati lomwelo mu 1969, ndipo thupi lake lili mu nyumba ya miyala pomwepo ngakhale mwini wake anapempha kuti adzamuwotche. Amatsegula m'mawa wokha, Lolemba ndi Lachisanu amatseka, valani zofika m'mawondo ndi zobisa mapewa, mkati osayankhula, osajambula, manja osaika m'thumba, asilikali ake saseka. Kuseri kuli kanyumba kamatabwa kam'mwamba komwe ankakhala ndi kakachisi ka mzati umodzi ka mu 1049. Kuchoka apo pitani ku Van Mieu, kachisi wa maphunziro wa mu 1070 komwe mu 1076 anatsegula sukulu yaikulu yoyamba ya dzikolo. Muli miyala 82 yoimikidwa pamsana pa afulu amiyala, yolembedwa mayina a amene anakhoza mayeso a mfumu kuyambira 1442 mpaka 1779. Ana asukulu amabwerabe kudzapempha mwayi mayeso akayandikira, kale ankasisita mitu ya afuluwo mpaka kusalala ndiye anatchinga.

Ndende ya Hoa Lo ndiye musaiphonye. Anaimanga Afalansa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kutsekeramo omenyera ufulu, muona matangadza a m'miyendo ndi chimpeni chodulira mitu chikadali chiimire. Pambuyo pake munasungidwa oyendetsa ndege a ku America omwe anaitcha Hanoi Hilton, mmodzi wa iwo John McCain, yemwe anadzakhala wandale wotchuka ku America, amene ndege yake inawomberedwa mu October 1967 iye n'kugwera m'nyanja ya Truc Bach. Nkhani mmenemo akuifotokoza ndi boma, mbali ya Afalansa ndi yakuda bii, mbali ya Amerika akaidi akuoneka akusewera mpira ndi kukongoletsa mtengo wa Khirisimasi, inu muwerenge ndi nzeru zanu. Malo ena amene alendo ambiri sapitako ndi kadziwe ka Huu Tiep ku Ngoc Ha, pakati pa nyumba za anthu, momwe muli chidutswa cha ndege yoponya mabomba ya America ya B-52 chigwereni mu December 1972. Palibe geti, palibe tikiti, anthu akumwa khofi m'mbali ana akuchokera kusukulu, chitsulo chili m'madzi phee. Madzulo ena kawolokeni wapansi mlatho wa Long Bien, wa mu 1902, unaphulitsidwa kangapo pa nkhondo n'kumakonzedwa, sitima imadutsa pakati njinga m'mbali, pansi pake minda ya nthochi pa chilumba cha mtsinje wa Red River. Chodabwitsa n'chakuti pa mlatho umenewu amayendera kumanzere, ndiye mumva ngati muli kwanu.

Train Street, kanjira komwe sitima imadutsa mokhudza nyumba, ine sindikulimbikitsani. Apolisi akhala akutseka kuyambira 2019, lero kotsegula mawa kotseka, ndipo kwasanduka kojambulirako basi. Ha Long Bay, nyanja yamchere yodzadza tizilumba tamiyala, ndi yokongola zoona, koma kupita ndi kubwera tsiku limodzi ndi maola asanu kapena kuposa mu basi kuti mukakhale pa boti lodzadza maola ochepa. Pa masiku anayi, ngati mtima ukufuna kutuluka mutauni, bola Ninh Binh, maola awiri kumwera, mapiri amiyala otuluka m'minda ya mpunga, ndipo ku Tam Coc azimayi amapalasa bwato ndi mapazi atatsamira ngati ali pa sofa. Apo ayi tsiku limenelo lipatseni Museum of Ethnology, muli za mitundu yonse 54 ya dzikolo ndi nyumba zenizeni za kumidzi zomangidwa panja zoti mumakweramo.

Usiku. Ngati masiku anu akugwera kumapeto a sabata ndiye bwino, kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamulungu misewu yozungulira Hoan Kiem amaitseka ku magalimoto, mabanja onse amatuluka, ana pa timagalimoto tamagetsi, achinyamata akuvina, ena akudumpha chingwe, gulani ayisikilimu wa Trang Tien muzingoyenda nawo. Zisudzo za zidole za pamadzi pa holo ya Thang Long, pafupi ndi nyanja pomwepo, sizifika ola lathunthu, oseweretsa amaima m'madzi kuseri kwa chinsalu ndi nsungwi zazitali, luso lochokera kwa alimi a mpunga, tikiti gulani masana. Chakudya chamadzulo kamodzi mudye cha ca, nsomba yokazinga ndi tameriki pa tebulo lanu lomwelo, mumathiramo nokha mulu wa masamba onunkhira a thi la ndi anyezi, kudyera ma noodles ndi mtedza wokazinga, n'chotchuka moti msewu wathunthu unatchedwa Cha Ca. Abwera ndi kambale ka mam tom, sosi wa tinkhanu ta m'nyanja (shrimp) tosasitsa, kofiirira mwa pepo, kununkha kwake kumafika musanakaone. Finyiranimo ndimu mutakase mpaka kachite thovu mulaweko kunsonga, mukalephera pemphani nuoc mam palibe akusekeni. Omwa mowa ali ndi bia hoi, wofululidwa tsiku lomwelo, wopepuka, tambula yake pafupifupi 10,000 kapena 15,000. Pa kona ya Ta Hien ndi pa alendo ndi phokoso, pitani muone kamodzi, koma a eni dziko ali m'makona ena. Osamwa khalani pa tra da, tiyi wozizira wopanda shuga wa ndalama zochepa zedi, ndi pomwe anthu amakhala kuswa nthanga za mpendadzuwa ndi kukamba miseche.

Zoti musamale nazo zilipo koma ndi za utambwali, si zachiwembu. Sabata yanga yoyamba mnyamata wina analoza nsapato yanga, ndisanayankhe anali ataivula kale n'kuthira guluu, pomaliza anafuna ndalama yoti ndikanagula nsapato ina, ine chiimire ndi phazi limodzi pamsewu anthu akudutsa. Ndinalipira theka ndi manyazi. Azimayi ena onyamula madengu awiri pa mtengo wa paphewa amakusenzetsani kuti mujambulitse kenako n'kukugulitsani nanazi pa mtengo wa mbuzi. Safunsa anadya phula, funsani mtengo musanagwire chinthu, "bao nhieu", ndipo mupatseni foni alembe nambala. Okwera njinga ya matayala atatu ija, cyclo, gwirizanani mtengo ndi nthawi musanakhale. Foni osaigwira mmanja chakumsewu. Pa zakudya sanenerera, pa zovala ndi zikumbutso nenererani mukumwetulira, koma osati m'mawa kwambiri chifukwa kasitomala woyamba akachoka osagula amati wawatsekera tsiku.

Komanso ndikuuzeni poyera, anthu akuda kumeneko ndi ochepa ndiye azikuyang'anani, ena apempha chithunzi, agogo ena akhoza kugwira tsitsi lanu makamaka ngati mwaluka. Kawirikawiri ndi chidwi chabe, mukatopa nazo pukusani mutu muzipita. Akufunsaninso zaka zanu mwachindunji, musakhumudwe, akufuna adziwe akutchuleni ndani chifukwa chiyankhulo chawo chimayendera ukulu ngati mmene ife sitinganenere "iwe" kwa apongozi. Wamng'ono kwa inu ndi em, wamkulu pang'ono wamkazi chi, wamwamuna anh, wa msinkhu wa mayi anu co, agogo aakazi ba. Poitana wogulitsa mumakuwa "em oi" kapena "chi oi", mokweza ndithu, mukanong'ona mwaulemu wa kwathu mukhala ndi njala. Zikomo ndi "cam on", pofuna kulipira "tinh tien". Popereka ndalama kwa wamkulu gwiritsani manja awiri, izi ndiye simufunika kuphunzitsidwa. Timitengo todyera musatiimike mu mbale ya mpunga, zimafanana ndi lubani wa pamaliro.

Tsiku lomaliza musadzadzitse. Kadzutsa idyani banh cuon, muime muone mayi akuthira phala la mpunga pa nsalu yokungidwa pamwamba pa mphika wa nthunzi, kulichotsa ndi kansungwi lili lopyapyala ngati pepala n'kukulungamo nyama ndi bowa. Gulani ka phin kamodzi ndi khofi theka la kilo, kondensi mukaipeza kwanu. Banh mi, buledi wa Afalansa uja woikamo nyama ndi masamba, mugule awiri a paulendo koma muwadye musanakwere. Ndipo munyamuke ku hotela kutatsala maola anayi kuti ndege inyamuke, chifukwa madzulo kutuluka mutauni mpaka kukafika pa mlatho wa Nhat Tan, panjira ya ku bwalo la ndege, pamadzadza zedi.